Mbereko Imene Ndinadula

Manja anga ndi achangu kuposa mutu wanga. Ndinabadwa choncho, ndipo ukalamba sunandichize. Ndikaona nsalu yokongola, sizasi imakhala ili kale m'manja ndisanadzifunse kuti mwini wake ndani. Khalidwe limeneli linandigwetsa m'mavuto kamodzi ku Chama, m'zaka za m'ma 1990. Komabe ndikamawerenga malo onse amene tinakhalako ndi amuna anga, mtima umathamangira komweko, ku fumbi la paboma ndi fungo la mpunga watsopano pamsika.

Tinapita ku Chama chifukwa amuna anga anali mphunzitsi, ndipo anawatumiza kukagwira ntchito pasukulu ina ya paboma. Ine ndinali mwana wa m'tauni, wokulira ku Chipata, wozolowera kuti ukatuluka pakhomo umakumana ndi wocheza naye usanafike n'kumpopi komwe. Ku Chama ndinkapita kumsika, amayi ogulitsa n'kumandiyankha Chinyanja mwaulemu, koma ndikangotembenuka ankabwerera ku Chisenga chawo n'kumaseka. Mwina sankaseka ine. Koma munthu wosungulumwa amaganiza kuti ngakhale nkhuku zikumunena. Chaka choyamba chonse ndinalibe mnzanga weniweni, ndipo ndinkasoka makatani a m'nyumba, kuwasomola, n'kuwasokanso kuti dzuwa lipendeke.

Ndiye atalengeza kutchalitchi kuti kukubwera mayi wina wa ku Lusaka kudzaphunzitsa amayi kusoka zofunda za zigamba kwa milungu iwiri, ndinali woyamba kuimika dzanja. Inali nyengo ya pambuyo pokolola, chimanga chili m'nkhokwe, kutentha kwa m'chigwa kutapumulako pang'ono. Tinasonkhana m'holo ya tchalitchi amayi okwana kudzaza mabenchi asanu: akazi a aphunzitsi, manesi awiri amene ankabwera akaweruka, ndi amayi a kumidzi ya ku Kambombo ndi ku Tembwe. A ku Tembwe ankagona kwa abale awo paboma chifukwa kwawo n'kutali.

Wotiphunzitsayo anali mayi wamfupi, wojintcha, wa magalasi omangirira kuchingwe. Tonse tinkangowatchula kuti amadamu. Tsiku loyamba anatambasula chofunda chimene anabwera nacho, cha zigamba zofiira ndi zachikasu zosokedwa ngati dzuwa likulowa, n'kutiuza kuti chimenecho si chogonera.

"Izi timapachika pakhoma, ngati chithunzi," anatero.

Mayi wina wachikulire wa ku Tembwe anafunsa nkhope ili gwa: "Manje khoma la ku Lusaka limamva mphepo?"

Holo yonse inafa nacho chiseko, amadamu omwe mpaka kuvula magalasi. Tinagwirizana kuti aliyense adzaona yekha chochita nacho chake, kaya kupachika kaya kufunda. Ine ndinali nditasankha kale khoma la pabalaza, pamene alendo a amuna anga sakanalephera kuchiona.

Pakati pa holo amadamu anayala mphasa ziwiri, n'kutiuza kuti aliyense abweretse nsalu zimene zatha ntchito kwawo. Pofika tsiku lachitatu panali mulu wofika m'mawondo. Munali zidutswa za zitenje zimene tinakapempha kwa matelala a pamsika, malaya ovalidwapo kale a pa salaula amene anakana kukwana munthu aliyense, mathalauza a khaki ong'ambika kumbuyo, mayunifomu a ana, ndi masaka a ufa ochapidwa mpaka zilembo kufufutika. Lamulo linali limodzi: chimene chili pamphasa ndi cha tonse. Ukachifuna tola, dula, usafunse munthu. Lamulo limeneli linandikomera kwambiri, ngati analipangira ine ndemwe.

Kusoka kwenikweniko sikunali kovuta. Chovuta chinali kuona. Aliyense anali ndi nsalu yoyera yopachikidwa pakhoma, ndipo pamenepo tinkabaya zigamba zathu ndi mapini tisanazisoke. Ukatha kubaya, amadamu ankakugwira pamkono n'kukukokera pakhomo la holo. "Tsinzinani pang'ono, ngati mwayang'ana dzuwa. Mukuona chiyani?" Ukatsinzina chotero, maluwa ndi mbalame za pazitenje zinkasowa, n'kutsala kuwala ndi mdima basi. Pamenepo m'pamene unkazindikira kuti chofiira chija unkachinyadira chameza zinzake zonse. Amadamu ankanena za mitundu ngati akunena za anthu a pamudzi. "Awa awiri akukangana, aikireni mkhalapakati." Kapena, "Uyu wagona tulo, mudzutseni ndi kachikasu pambali." Pobwerera kunyumba tinkayang'ana madiresi a anthu m'njira n'kumanong'onezana kuti uyo wavala mkangano.

Masizasi anali ochepa, choncho anatigawa awiriawiri. Ine anandiphatikiza ndi mayi wina wa ku Kambombo, wamtali, wochepa thupi, wondiposa ndi zaka zochepa chabe. Ankabwera wapansi, ulendo wa maola awiri, koma ankafika ife a paboma tisanakhome n'zitseko zomwe. Ankayamba wapita pamjigo kukatsuka fumbi kumapazi, kenako n'kudzakhala pabenchi, dengu lake lili pambali. Sankayankhula zambiri. Ankanditchula kuti amai a ku Chipata, ine n'kumamuti amama, monga ankaitanirana anthu a kumeneko.

Masana tinkakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa holo. Ine ndinkatsegula fulasiki ya tiyi ndi zitumbuwa, iye n'kumasula mtedza wokazinga pakansalu. Ankandiphunzitsa malonje a Chisenga, ndikalakwitsa n'kumaseka atatseka pakamwa ndi dzanja. Tsiku lina akundiyang'ana ndikudula anati, "Amai a ku Chipata, inu mumadula monga nsalu ikuthawa." Ndinaseka mpaka misozi, chifukwa amayi anga ondibala anali atanenapo mawu ofanana ndi amenewo. Madzulo ake ndinauza amuna anga kuti ndapeza mnzanga. Anandiyang'ana n'kunena kuti makatani apumako tsopano.

Kumapeto kwa mlungu woyamba amadamu anatiuza kuti titseke maso n'kumapapasa muluwo. Ankafuna kuti tidziwe nsalu ndi zala: yokhakhala, yosalala, yolimba, yofewa chifukwa cha kuchapidwa zaka zambiri. Ife a paboma tinkangosuzumira mwakuba. Mnzangayo anatsekadi maso, ndipo apa m'pamene luso lake linaonekera. Iye ankasoka chithunzi cha munda wake. Anaika mizere ya khaki ndi saka, pakati pake timizere ta nsalu yobiriwira ya kodiroyi, mwina n'kusiya ulusi wa saka ukulendewera dala. Mitundu yake inali yosadzionetsera, koma ukapititsa dzanja pamwamba unkamva mizere ikukwera n'kutsika, ngati ukuyenda m'munda wopanda nsapato.

Amadamu anaitana holo yonse kuti idzagwire. "Uyu sanaphunzire kwa ine," anatero. "Anabwera nazo."

Ndinawomba nawo m'manja, koma sizinandikomere. Ine amene ndinaphunzira zosokasoka kusukulu, wokhala ndi makina kunyumba, kupambanidwa ndi munthu amene anagwira sizasi ya telala koyamba mlungu womwewo? Nsanje ndi nthenda yoipa, ndipo ine inandigwira ngakhale pa munthu amene ndinkamukonda.

Changa chinali chithunzi cha zimene ndinkaona kuseri kwa nyumba yathu: dambo la mpunga, mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje, ndi mapiri akutali. Dambo linatheka bwino, mitengo nayonso. Mapiri ndiwo anandikanika. Buluu aliyense amene ndinkabaya pakhoma anali watsopano, wofuula, moti mapiriwo ankaoneka ngati aima pakhonde. Ndikapita pakhomo n'kutsinzina, amadamu ankapukusa mutu. "Phiri lakutali silifuula. Funani buluu wotopa." Ndinafukula mulu wonse kawiri, buluu wotopa osamupeza.

Lolemba la mlungu wachiwiri amadamu anatiuza kuti mawa lake aliyense abwere ndi nsalu imodzi yathunthu, yosadula, yodzaika kumbuyo kwa chofunda. Lachiwiri m'mawa linali tsiku la mnzangayo lokatunga madzi akumwa a gulu lonse, choncho anasenza ndowa n'kupita kumjigo. Ine ndinapitanso pamulu, ndipo m'mphepete mwa mphasa, pafupi ndi dengu lake, ndinaona chitenje chabuluu. Theka linali pamphasa, theka pasimenti. Chinali chosuluka, maluwa ake atatsala pang'ono kuzimiririka, chofewa moti chinkangogona m'manja. Anali buluu wotopa uja ndinkamufuna.

Ndinene zoona pano, popeza ndakalamba ndipo palibe wondikwapula. Ndinaona kuti chinali chopindidwa bwinobwino, pamene zigamba za pamulu palibe ankazipinda. Ndinaona kuti chinali chathunthu, ndipo mawu a amadamu a dzulo lake ndinali ndisanawaiwale. Kumjigo kunali pafupi, ndikanatha kudikira. Koma ndinadziuza kuti theka lili pamphasa, ndipo chili pamphasa ndi cha tonse.

Sizasi inalowa mosavuta. Ndinadula mapiri asanu ndi anayi, ena aatali ena afupi, onse okhota, n'kuwabaya pakhoma motsatizana. Zotsala ndinazisiya pabenchi, tizidutswa tina n'kugwera pansi. Nditapita pakhomo n'kutsinzina, ndinaona kuti zatheka. Mapiri anali atapita kutali, kumene amayenera kukhala. Amadamu anabwera kudzaima pambali panga n'kunena kuti, "Eya, tsopano mwaona." Ndinatupa ndi kunyada, n'kumalakalaka mnzanga abwere msanga adzaone kuti nanenso ndili nazo.

Anabweradi, ndowa ili pamutu. Wina anamutula. Mnzangayo anayang'ana pakhoma panga, n'kuima. Kenako anapita pa dengu lake, n'kulinyamula, n'kuyang'ana pansi pake. Anaona zotsala zija pabenchi. Anayenda pang'onopang'ono kufika pakhoma, n'kukhudza phiri limodzi ndi kuseri kwa zala, monga timakhudzira mwana pachipumi tikafuna kudziwa ngati watentha thupi. Atatero anatenga dengu lake n'kutuluka, munda wake uja n'kuusiya uli pakhoma.

"Amama," ndinaitana. Sanacheuke.

Mayi wina wachikulire wa m'mudzi mwawo, amene ankabwera naye limodzi masiku ena, ndi amene anandiuza. "Ija inali mbereko. Mwana wake anamwalira chaka chatha, nthawi ya mvula. Wabwera nayo lero kuti aiike kumbuyo kwa chofunda chake, yonse yathunthu, kuti azifunda."

"Koma inali pamphasa," ndinatero.

Mawuwo anandinunkhira ndekha m'kamwa. Kumbuyo wina ananong'ona kuti safunsa anadya phula, ndipo sindinatembenuke kuti ndione amene wanena, chifukwa sananame. Ndinalibe mwana nthawi imeneyo, koma ndine mkazi, ndinkadziwa kuti mbereko n'chiyani. Ngakhale ya mwana wamoyo, mayi saibwereketsa wamba.

Amadamu sanandikalipire. Anangoti, "Chotsani mapini. Tolani chilichonse, ngakhale kaulusi." Ndinazula mapiri anga limodzilimodzi, kenako n'kukwawa pasimenti pansi pa mabenchi. Panali kangodya kena konyenyeka, kolimba ngati kanaviikidwa m'phala n'kuuma kambirimbiri, kamene ndinali nditakadula n'kukataya chifukwa sikanali kokongola. Ndinakatolanso. Zonse ndinazikulunga m'mpango wanga wa kumutu.

Lachitatu sanabwere, Lachinayi sanabwere. Masana ndinkakhala pansi pa mango uja ndekha, tiyi n'kumazizira m'kapu. Mapiri ndinawapanga ndi malaya akale otuwa a amuna anga, ndipo sindinapite n'pakhomo pomwe kukatsinzina. Lachisanu tinapachika ntchito zathu zonse, anthu a paboma n'kubwera kudzaona, amayi n'kuimba nyimbo zotsanzikana ndi amadamu. Linali tsiku lokoma kwa ena onse. Anthu ambiri ankaima pa munda wosatha uja n'kumaugwira, kufunsa kuti mwini wake ali kuti. Ine ndinkayang'ana pansi. Ndinkaopa kuti mnzanga mmodzi yekhayo amene Chama inandipatsa ndamutaya ndi manja anga.

Amuna anga anati mwina tipemphe amayi akuluakulu a kutchalitchi kuti akandipepesere. Ndinakana. Podula sindinatume munthu. Loweruka m'mawa ndinakwera njinga yawo, kumbuyo nditamangirira mpango wa zidutswa zija, munda wake umene amadamu anandipatsa kuti ndikapereke, ndi chitenje chatsopano chabuluu chimene ndinagula pamsika. Njira ya ku Kambombo inali ya mchenga, moti malo ambiri ndinkatsika n'kumakankha. Ndinadutsa minda ya thonje yokololedwa kale ndi timitsinje touma, ndikufunsa njira kwa aliyense wokumana naye. Apa m'pamene ndinadziwa mtunda umene munthuyu ankayenda tsiku ndi tsiku kuti adzakhale nane pabenchi.

Ndinamupeza pabwalo akutong'ola chimanga m'lichero. Anaimirira, n'kundilandira njinga, n'kundiyalira mphasa pamthunzi wa nkhokwe. Anandipatsa madzi. Anandifunsa za m'njira, za amuna anga, za paboma, mwadongosolo lonse limene timalonjerera mlendo amene sitikumudziwa. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Ndinagwada. Ndinali nditakonza mawu ambiri panjinga, koma onse anathawa. "Amama, ndinalakwa. Ndinaona kuti inali yopinda, koma sindinafunse. Ndikhululukireni."

Ndinatulutsa chitenje chatsopano chija n'kuchiika patsogolo pake ndi manja awiri. Anachiyang'ana, osachigwira.

"N'chabwino ichi," anatero. "Koma sichimudziwa."

Manyazi anandigwira kachiwiri. Ndinamasula mpango uja. Iye anasuntha lichero, n'kuyamba kuyala zidutswazo pamphasa, kuzitembenuza, kuzisendeza, kufuna pamene chilichonse chinachokera. Atafika pa kangodya konyenyeka kaja anakatola n'kukafumbata. "Apa m'pamene anali kuluma, mano pomera," anatero. Nkhuku zinkatola chimanga m'lichero popanda woziingitsa.

Kenako anandiyang'ana m'maso, koyamba chifikireni. "Munadula ndimwe, amai a ku Chipata. Manje musoke ndimwe."

Ndinavomera msangamsanga. Ndinati ndipita nazo kunyumba, pamakina ndimaliza tsiku limodzi, Lolemba ndibweretsa.

"Iyayi. Yachoka pano kamodzi, kwakwana. Musokere pano."

Analowa m'nyumba n'kubwera ndi singano ndi ulusi wakuda. Ndinayamba tsiku lomwelo.

Amene sanayesepo kulumikiza nsalu yodulidwa mokhotakhota sangadziwe ntchito yake. Kudula kunanditengera nthawi yochepa kuposa yowiritsa tiyi. Kubwezera kunanditengera Loweruka katatu. Nsaluyo inali yakale, ndipo ndikabaya singano pafupi ndi m'mphepete inkanyenyeka, choncho ndinkayenera kulowa mkati pang'ono kuti msoko ugwire. Ndikathamanga, msoko unkakwinyika, ndipo ndinkasomola n'kuyambiranso. Iye sankandiuza kuti somolani. Ankangoyang'ana pamsokopo, n'kuyang'ana kumbali, ine n'kudziwa ndekha. Chibadwire sindinasokepo pang'onopang'ono chotero.

Loweruka loyamba sitinayankhulane zambiri. Anandipatsa mbatata yophika masana, ndinadya, ndinasoka, dzuwa litapendeka ndinakwera njinga. Mlungu wonse ndinkangoganiza za mphasa ija ya pansi pa nkhokwe. Amuna anga ankandipopera matayala Lachisanu madzulo.

Loweruka lachiwiri ndinamupeza atatulutsa munda wake uja. Anakhala kumapeto kwa mphasa n'kumausoka. Patapita nthawi anandifunsa kuti amadamu anati bulangeti lakale limalowa bwanji pakati, popeza tsiku limenelo iye kunalibe. Ndinamuonetsa mmene timayalira zitatuzo, cha pamwamba, bulangeti ndi cha kumbuyo, n'kuyamba kusoka kuchokera pakati kupita m'mbali kuti zisakwinyike. Cha kumbuyo anali ataikapo chitenje chake china chakale cha kumunda. Ndinamuuzanso za tsiku lotsiriza, mmene anthu ankagwirira ntchito yake, ndi mmene mayi wa ku Tembwe uja ananenera kuti chake akafunda ndithu, khoma likafuna likasoke lokha. Anamwetulira pang'ono, maso ali pa singano.

Masana a tsiku lomwelo ndi pamene anandiuza za mwanayo, ine osafunsa. Anali wamkazi, woyamba kubadwa patatha zaka zambiri akudikira. Anali atayamba kuimirira pogwira chipupa, ndipo ankakonda kukoka ndevu za chimanga. Anadwala malungo mvula ili pakati, mitsinje itadzaza, njinga zosadutsa. Mayiyo anamubereka m'bandakucha n'kuyamba ulendo wa kuchipatala cha paboma wapansi.

"Pa kamtsinje kachiwiri ndinamva kuti walemera mosiyana," anatero. "Mwana wogona amalemera mwa mtundu wina, uyu analemera mwa mtundu winanso. Koma sindinamasule. Ndinayenda mpaka paboma, chifukwa ndikanamasula panjira ndikanadziwa."

Singano inandibaya chala, ndipo ndinachiika m'kamwa kuti magazi asadonthere pansalu. Kamtsinje kameneko ndinali nditakadutsa m'mawa womwewo ndikudandaula za mchenga.

Anati abale ake ankafuna kuti mberekoyo ipite limodzi ndi mwanayo, monga amachitira ambiri, koma iye anaibisa pansi pa mphasa yogonera. Chaka chonse sanaitulutse. Atamva amadamu akunena za nsalu ya kumbuyo, imene imakhudza thupi munthu akafunda, anaganiza kuti wapeza malo ake. Ananena zimenezi mosakweza mawu, akukoka ulusi, ndipo sanandidzudzule ngakhale kamodzi. Ndikanakonda akanandikalipira, chifukwa munthu akakukalipira umadziwa kuti zatuluka.

Loweruka lachitatu ndinafika molawirira. Kunatsala msoko umodzi wautali ndi kangodya kaja. Kangodyako ndinakasoka komalizira, ndi timisoko tating'onoting'ono, iye atagwira mbali ina kuti isatsetsereke. Anakabwereka nsimbi ya makala kwa anansi, ine n'kusita misoko yonse kuti igone. Titaitambasula pamphasa, mberekoyo inali yathunthu, koma ulusi wakuda unkaonekera paliponse, ukukhotakhota motsata mapiri anga aja. Madzi akatayika sawoleka, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti ngakhale utawola, sakhala omwe aja.

Anaitola n'kuikutumula. Ndinkaganiza kuti aipinda. M'malo mwake anaimirira pakati pa bwalo, n'kuwerama monga amachitira mayi akafuna kuika mwana kumsana. Anaponya nsaluyo kumbuyo, n'kugwira nsonga ziwiri, imodzi pamwamba pa phewa ina kunsi kwa khwapa, n'kuzikokera pachifuwa kuti amange. Nsongazo zinangokhudzana. Anakokanso, koma mfundo sinatheke. Misoko yanga yonse ija inali itadya nsalu, uliwonse pang'ono pang'ono.

"Yachepa," anatero.

Apa ndinalira. Ndinalira mokweza, mopanda ulemu, pabwalo la eni ake, ine amene ndinabwera kudzapepesa. Maulendo onse atatu ndinkadzinamiza kuti ndikasoka bwino ndimubwezera chimene ndinamulanda, ndipo tsopano ndinaona kuti sindingathe.

Anaweramuka, nsaluyo ili m'manja. Anaiyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pamsoko umodzi.

"Lekani kulira, asisi," anatero. Aka kanali koyamba kunditchula choncho. "Nayenso akanakhala moyo sembe anakula. Manje sembe akuthamanga pabwalo pano, osafuna kupapiwa kumsana."

Nayenso misozi inali ikutsika, koma mawu ake sananjenjemere. Anaipinda kanayi, bwinobwino, n'kulowa nayo m'nyumba. Ndinamva akutsegula sutikesi n'kuitsekanso.

Maulendo awiri oyamba aja ankatsanzikana nane ali chikhalire pamphasa, ine n'kudzitengera njinga ndekha. Tsiku limeneli atatuluka m'nyumba anapita pamene inatsamira, n'kuigwira pahandulo, n'kuyamba kuikankha kulowera kunjira. Ndinamutsatira ndikupukuta m'maso. Tinatuluka m'mudzi, tinadutsa zitsime, tinalowa m'minda ya thonje. Kawiri konse ndinamuuza kuti abwerere, dzuwa lapita ndipo kunyumba kuli ntchito. Iye anangopitiriza kukankha.